Chipatala Chimene Chinkatithawa

Ine ndinkadziwa kuti chipatala ndi nyumba. Chathu cha pachilumba chili pomwe chinali agogo anga asanabadwe, ndipo ngakhale mbuzi za ku Chipyela zimadziwa njira yake. Ndiye pamene amake Filipo, oyandikana nafe ku Mbungo, anabwera kudzatiuza kuti mwana wawo wa ku usilikali waimba foni, akuti madokotala a asilikali amanga chipatala cha matenti ku Chintheche ndipo akuchita maopaleshoni aulere kwa anthu wamba, palibe amene anaganiza zofunsa kuti chikhalapo mpaka liti.

Bambo anga anali ndi phudzi. Ndalitchula pano chifukwa kwathu silinkatchulidwa. Amayi ankati ndi vuto la bambo ako, Bambo ankati ndi kutopa. Koma nyumba yathu ilibe siling'i, ndipo masana akalowa kuchipinda ndinkawamva akubuula, atagona chagada, kukankha chotupacho kuti chibwerere m'mimba. Achipatala chathu anawauza kale kuti pafunika mpeni, ndipo kumtunda anawapatsa tsiku lakutali kwambiri moti Amayi atamva anangoseka. Kunyanja anasiya kupita. M'tchalitchi, munthu amene ankaimirira nyimbo zonse, anayamba kuimba atakhala.

Woperekeza ndinali ine. Amayi sakanasiya mbuzi ndi chinangwa chimene anaviika, ndipo mchimwene wanga Yohane ali ku Joni. Yohaneyo ndi amene Bambo anamulipirira sukulu mpaka kumaliza. Ine ndinatsikira pa Fomu 4, mayeso ali pafupi, chifukwa usipa wa chaka chimenecho sukanaphunzitsa ana awiri, ndipo Bambo anasankha. Panopa wophunzirayo amatsuka magalimoto, foni yake imalira osayankhidwa, ndipo wonyamula thumba ndine Monika.

Tsiku la sitima Bambo anatulutsa suti yawo yotuwa imene anabwera nayo atasiya ntchito ya m'hotela ku Joni, tayi, chipewa ndi nsapato zopolisha. Amuna a kwathu a msinkhu wawo sawoloka nyanja ngati asodzi. Amawoloka ngati akukaonana ndi bishopu. Ndinawaitanira mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, iwo anamubweza, akuti miyendo ali nayo. Tinayenda wapansi mpaka ku Chipyela, ine thumba la usipa wouma pamutu, iwo patsogolo atawongoka ngati mlongoti. Akafuna kupuma ankapeza munthu womupatsa moni, ndipo pa Likoma munthu womupatsa moni sasowa. Tinafika thukuta litadutsa jekete.

Sitima inaima patali monga mwa nthawi zonse. Anyamata a padoko amabereka okalamba kuwafikitsa pa kaboti kuti asanyowe, ndipo mmodzi anawaweramira Bambo kuwapatsa msana. Anamuyang'ana ngati wawatukwana. Anavula nsapato, anapinda buluku la suti mpaka m'mawondo, analowa m'madzi okha.

Bodza linayambira m'sitima. Mayi wina wa ku Yofu, amene amatidziwa bwino, anafunsa kuti ulendo wa kuti ndi suti yotere. Bambo sanachedwe n'komwe.

"Ndikuperekeza mwanayu kuchipatala."

Mayiyo anandiyang'ana kumaso, kenako pamimba, kenako anati Mulungu athandize. Pofika ku Nkhata Bay onse a m'chipinda chapansi cha sitima anali atadziwa kuti ndili ndi pakati, ndipo ena anali atasankha kale mwini wake. Nditawafunsa Bambo kuti zimenezi ndi ziti, anati mwana wamkazi salankhula za matenda a bambo ake, ndipo nawonso salankhula za iwo eni pagulu. Zoti za ine zilankhulidwe pagulu sizinawavute.

Ku Nkhata Bay tinapeza minibasi ya ku Chintheche yooneka ngati yangotsala anthu awiri. Kondakitala anatilanda thumba tisanavomere, analiponya kumbuyo, anati tikunyamuka pompano asisi. Titangokhala, mnyamata amene anali pambali panga anatsika. Wina wa kutsogolo anatsikanso. Ndinayamba kuwaonetsetsa. Munthu weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatuluka, kukaima pa mthunzi, kenako kukalowa minibasi ina. Ntchito yawo ndi kukhala pampando kuti galimoto ioneke yodzaza. Ndinamufunsa mmodzi pawindo kuti amalandira chiyani, anati zimatengera kuti wakhala mokhulupirika bwanji. Pachilumba tilibe zimenezi. Bwato likakhala lopanda anthu aliyense amaliona.

Tinakhala m'menemo dzuwa mpaka kufika pamutu. Kondakitala anafuna kuti thumba la usipa lilipire ngati munthu, ine ndinamuuza kuti alipatse mpando ndiye. Anandiseka kalankhulidwe, akuti a pa Likoma mumamwa maji, ife timamwa madzi. Ndinamuuza kuti ife tili nawo. Tinamaliza nkhani ndi mbale imodzi ya usipa. Bambo nthawi yonseyi anali ndi chipewa pamiyendo, dzanja pansi pa chipewacho. Minibasi ikagunda dzenje ankatseka maso.

Pa Chintheche tinafunsa za asilikali, anatilozera bwalo la mpira kuseri kwa sukulu. Tinakhota pa mpanda, Bambo anakonza tayi, ndipo tinapeza bwalo. Bwalo basi. Magolo awiri, ng'ombe imodzi, ndi mayi wogulitsa nthochi pansi pa mtengo wa mango.

Mayiyo, a NyaManda, anati apita m'mawa womwewo. Bambo anafunsa kuti madokotala apita, nanga chipatala chatsala ndi ndani. Anati chipatalacho ndiye chapita, achipinda, achikweza m'malole. Bambo anafunsanso kachiwiri mwa Chitonga chawo chophwanyika, poganiza kuti sanamvane. Yankho linali lomwelo. Akuti asilikaliwo ali pa maphunziro, ndipo zimene akuphunzira ndi zomwezo: kumanga, kuchiza, kuphwasula, kuthawa, kukamanganso kwina, chifukwa kunkhondo chipatala chikakhalitsa pamodzi chimaphulitsidwa. Bambo anakhala pa muzu wa mango. Anati chipatala chopanda maziko ndi masewera a ana.

Ine ndinakwiya, koma maso sanakwiye nawo. Ndinalowa m'bwalomo kukaona. Udzu unali utagona m'makona anayi anayi, wachikasu, ngati pomwe panali mphasa zazikulu. M'mbali mwake munali timabowo ta zikhomo pamzere wowongoka kuposa mizere ya mwalimu aliyense. A NyaManda anasiya nthochi zawo n'kunditsatira, ankadziwa bwalo lonse ngati nyumba yawo. Apa ndi pomwe ankafikira odwala. Apa pomwe udzu wapsa ndi mafuta panali jenereta. Apa, pakati penipeni, pomwe sankalola munthu kuyandikira, ndi pomwe ankang'amba anthu. Mlamu wawo anamuchotsa chotupa pakhosi pomwepo, pomwe anyamata amaikira mpira poyamba masewera. Ndinaima pamenepo n'kuyang'ana kumwamba. Panalibe kanthu, mitambo basi. Zinyalala sanasiye, kupatula kansalu kamodzi kofiira kamene ndinatola pafupi ndi golo.

A NyaManda anati si magazi amenewo, ndi penti. Akuti tsiku loyamba malole anatsitsa anyamata ovulala, wina wopanda mwendo, wina matumbo panja, ndipo amayi a pamsika anayamba kulira maliro poganiza kuti basi yagubuduzika. Patapita kanthawi womwalira mmodzi anadzuka n'kubwera kudzagula nthochi. Ndinaganiza za anyamata a m'minibasi aja. Kumtunda kuno ngakhale odwala ali ndi owakhalira pampando.

Malole analowera kummwera, cha ku Dwangwa. Bambo anati tibwerere kwathu. Ndinawakumbutsa kuti sitima yapita ndipo ibwera sabata ya mawa, ndiye asankhe: kukhala pa Nkhata Bay kudya usipa wathu womwe, kapena kutsatira. Anadzuka pa muzu paja n'kukuntha fumbi pa buluku, ndipo ine ndinatenga zimenezo ngati chilolezo. Tinagona kwa a NyaManda. Nsima Bambo anangoigwira n'kuisiya.

M'mawa minibasi zinkadutsa zodzaza, ndiye tinakwera matola, kapikapu kakale konyamula matumba a chinangwa ndi anthu pamwamba pake. Dalaivala ataona suti anafuna kuwaika Bambo kutsogolo, koma kunali kale mayi wa mwana wakhanda, ndipo Bambo anakana kuti mayiyo atsike. Anakwera kumbuyo okha, osalola dzanja la munthu. Ndinamva mano awo akukukutika pokweza mwendo.

Pamatumbapo panali mlaliki wa mpingo wina wa masiku ano, wa sipika ya batire pamiyendo. Anafunsa za ulendo, Bambo anabwereza bodza lawo lija, ndipo mlalikiyo anasangalala ngati wapeza ntchito. Anati matenda a atsikana amawadziwa, asilikali sangawathe, andisanjike manja pompo. Bambo ndi a Anglican a mtundu umene sulola munthu kufuula popemphera, koma bodza linali lawo, sakanalithawa. Mlaliki anafuulira mimba yanga kuyambira pa Kande. Ndinamusiya. Ndinkafuna Bambo amve zonse.

Titadutsa Tukombo galimoto inatsokomola kawiri n'kuima. Dalaivala anati ndi zinyalala za mu petulo wa m'zigubu, nkhani yaing'ono. Anazula paipi, anayamwa ndi pakamwa, analavula, anayamwanso. Wothandiza wake anapita ndi njinga yobwereka kukafuna chitsulo china chimene sindinachimve dzina, ndipo anapita ngati wasamuka. Tinatsika tonse. Ena anagula mango, ena anagona pansi pa galimoto. Mlaliki batire inamuthera.

Bambo analowera kutchire. Atachedwa ndinawatsatira chapatali, ndinawapeza atagwira mtengo akusanza. Kenako anayala jekete, anagona chagada monga amachitira kunyumba. Ndinatembenuka kuwapatsa ulemu, koma makutu satembenuka. Kunyumba kubuulako kumatha ndi mpweya wautali, ndiye umadziwa kuti chabwerera. Apa mpweyawo sunabwere. Anayesa, anayesanso. Atatuluka nkhope inali yotuwa ngati suti. Ndinawafunsa mwachindunji ngati chabwerera. Anati ndi nthochi za dzulo, ndipo ndisamafunse zinthu za akuluakulu. Nthochi sanadye.

Ndinayamba kuimitsa galimoto iliyonse. Zinkadutsa. Kenako panabwera lole yobiriwira ya thanki ya madzi, ya mtanda wofiira pachitseko, ndipo inaima yokha, osati chifukwa cha ine, koma chifukwa woyendetsa anaona chambo chopachika m'mbali mwa msewu. Ndinamuthamangira. Anati kunyamula anthu wamba saloledwa, angamuchotse ntchito, koma anzake ali pa bwalo lina titangowoloka Dwambazi, tisanafike pa Dwangwa. Dzulo anachedwa ndi zoyeserera za panjira, ndiye akumanga lero. Nditamufunsa kuti akhalapo mpaka liti, anaseka, anati mpaka abwana atanena. Mwina mawa. Anamangirira chambo chake pagalasi n'kupita.

Wa njinga uja anabwera opanda chitsulo. Dalaivala anatukwana, anamenya china chake ndi sipanala, galimoto inalira.

Tinatsika dzuwa litapendeka. Ulendo uno bwalo silinali lopanda kanthu. Malole anali ataima mozungulira, anthu a m'midzi atadzaza kunja kwa chingwe, ndipo chipatala chinali chili pansi, m'mitolo. Ndinawakhazika Bambo pa thumba la usipa, ine ndinadzipanikiza mpaka pachingwe.

Sindinaonepo anthu akugwira ntchito chotero. Kwathu pokoka khoka aliyense ndi kapitawo, aliyense akufuula. Apa ankalankhula munthu mmodzi, mayi wamfupi wojintcha amene ankamutcha Sajeni, ndipo sankalankhula zambiri. Anayi ankayala mtolo, awiri ankakhoma zikhomo, wina ankalumikiza paipi, jenereta inalira, ndipo tenti inayamba kudzuka yokha ngati ng'ombe, kumbuyo kaye, kenako kutsogolo. Mizati yake ndi mpweya. Ndinafuna kudziwa kuti munthu ataibaya ndi singano chingachitike n'chiyani. Mabokosi ankatsika m'lole motsatana, ndipo palibe amene ankatsegula kuti aone zam'kati, aliyense ankadziwa kolowera bokosi lake poona mtundu wa chivundikiro. Mabedi ankatambasulidwa ngati mipando ya paukwati. Madzi anawathira m'chithumba chachikulu chakuda chimene chinagona pansi ngati mvuu. Pakati anaimika tenti ija yosayandikirika, anaiyalira pansi pake, analowetsa nyale yaikulu ya mkono wopindika. Bwana wina wa nyenyezi paphewa ankangozungulira, maso pa wotchi. Tenti imodzi inapendama, Sajeni anangoloza, anaiphwetsa yonse n'kuyambiranso. Ndinaiwala njala. Kwa kanthawi ndinaiwalanso Bambo, ndipo sindinama.

Pafupi ndi pomwe ndinaima, mkati mwa chingwe, panagona ovulala abodza aja kudikira nthawi yawo. Mmodzi anali ndi matumbo panja, ntchentche zikumuzungulira, akudya chinangwa chootcha. Ndinamufunsa ngati matumbowo ndi a mbuzi. Anati ndi a labala, amachapa n'kusunga, koma ntchentche zimatsatira shuga wa m'magazi, chifukwa amasakaniza penti ndi manyuchi. Anandipatsa kuti ndigwire. Anali ofunda ndi dzuwa.

Ndinamufunsa za timaliboni timene aliyense wa anzake ogwira ntchito anali nato m'thumba la pachifuwa. Anati ndi posankhira. Ovulala akachuluka kuposa manja, sungayambe ndi amene wabwera koyamba kapena amene akulira kwambiri. Kofiira ndi ka munthu amene afa ukachedwa. Kachikasu angadikire pang'ono. Kakuda musafunse. Kobiriwira ndi kophweka: umangofuula kuti amene angathe kuyenda apite uko, ndipo onse amene adzuka n'kupita ndi obiriwira, adzisankha okha, awonedwa pomaliza. Nditafunsa ngati ndi anthu wamba amachitanso chimodzimodzi, anati njira ndi imodzi, ndiyo akuyesedwa. Anyamata onse a machirawo ali pa mayeso, wolephera abwereza kosi. Anawonjeza kuti ku Chintheche obiriwira ambiri anabwerera ndi panado.

Likhweru linalira, iye anabisa chinangwa, anayamba kukuwa amayi ake. Anamunyamula akuthamanga. Anakuwa bwino kuposa munthu aliyense wovulaladi amene ndinamuonapo.

Zabodza zitatha anamasula chingwe, anthu tinakhamukira mkati. Tinali ambiri kuposa mabedi, aliyense ankaona. Ndinabwerera kukatenga Bambo, koma ndisanawafike Sajeni anakwera pa bokosi n'kunena kuti onse amene angathe kuyenda okha apite pansi pa mtengo wa mkuyu uwo.

Bambo anadzuka. Anamanga batani la jekete, anavala chipewa, anayenda. Anali oyamba kufika pa mkuyu. Mnyamata wa yunifolomu anawamanga kaliboni kobiriwira padzanja, ndipo iwo anamuthokoza m'Chingerezi.

Ndinawafika n'kuwanong'oneza kuti alakwitsa, obiriwira sakuonedwa lero, mawa chipatala chipita, abwerere akagone pansi. Anati iwo si munthu wogona pansi pamaso pa anthu. Ndinati ndiye auzeni okha. Anati akafika kwa dokotala wamwamuna, m'chipinda, anena. Milomo yawo inali youma, thukuta likutsika m'khosi mwa shati. Mzere wa pa mkuyu unali utafika kale kumsewu.

Ndinapita kwa Sajeni. Msilikali wina ananditchinga, ndinamuzemba. Ndinamugwira mayiyo mkono, zimene ndamva kuti sizichitika, n'kumuuza kuti abwere aone munthu. Anandiyang'ana dzanja langalo mpaka ndinalichotsa, koma anabwera. Atafika anapereka moni kwa Bambo mwaulemu, iwo anayankha kuti ali bwino, kaya iwo. Anafunsa kuti wodwala ndani.

"Mwanayu," anatero Bambo.

Sajeni anandiyang'ana pamimba. Mlaliki uja anali pamzere womwewo, anagwedeza mutu kuvomereza. Kuyambira m'sitima anthu akhala akuyang'ana pamalo pomwepo, ndipo apa zinandikwana. Sindinanong'one.

"Ine sindikudwala. Bambo angawa ali ndi phudzi. Latsika, lauma, silikubwerera kuyambira m'mawa. Asanza panjira, ndipo chiyambire dzulo sanadye."

Anthu onse a pa mkuyu anatembenuka. Kumbuyo wina anaseka, wina anamuletsa. Mayi wachikulire anaphimba kukamwa ndi chitenje, anati mwana wopanda mwambo. Bambo sanandiyang'ane. Ankayang'ana patsogolo, kutali, ngati pali sitima ikubwera.

Sajeni yekha ndi amene sanadabwe ndi dzina la matendalo. Chimene chinamusintha nkhope ndi kusanzako. Anafunsa mafunso awiri achidule, ndinayankha ine. Anawagwira Bambo pamkono kumva mtima, anadula kobiriwira kaja ndi sizasi, anamanga kofiira, anakweza dzanja. Anyamata anayi anafika ndi machira akuthamanga, anawaika pansi pamapazi a Bambo.

Bambo anati ayenda. Sajeni anati wofiira sayenda. Bambo anati iwo anachoka ku Mbungo ndi miyendo yawo, ndipo tsiku lowanyamula anthu anayi ndi limodzi lokha, adzakhala asakuona. Sajeni anayang'ana bwana wa wotchi uja, amene anali ataima chapafupi akuonerera. Anyamata a machira anali atagwada, maso pansi. Ndinaona kuti Sajeni akhoza kulamula gulu lonse la asilikali, koma mkulu wa suti wa pa Likoma sakumudziwa. Ine ndimamudziwa.

"Bambo, anyamatawa ali pa mayeso. Abwana awo ndi awo akuwaonawo. Sabata yonse akhala akunyamula anthu abodza, inu ndinu enieni. Mukayenda, alephera." Ndinapuma, kenako ndinamaliza. "Inu simufuna mwana wamwamuna alephere."

Apo ndiye anandiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine sindinagwetse maso. Kenako anatembenukira kwa mmodzi wa anyamatawo, anamufunsa ngati ndi zoona. Mnyamatayo anati inde bwana. Bambo anavula chipewa, anandipatsa, anakoka buluku pa mawondo kuti lisakwinyike, anagona.

Ndinawathamangira pambuyo mpaka pa tenti yapakati, pomwe anandibweza. Ndinakhala pa thumba la usipa, chipewa m'manja, kumvera jenereta. Wa matumbo a labala uja anadutsa atasamba, sindinamuzindikire mpaka atandipatsa theka la chinangwa. Dokotala atatuluka anati thumbo linali litapanikizika ndipo linali litayamba kuda, koma alipeza lamoyo. Anafunsa kuti tinachedwa kuti. Ndinamuuza kuti tinkathamangitsa iwowo.

Mawa lake anaphwasula. Ndinaona zonse zija mobwerera m'mbuyo: mabokosi kulowa m'malole, mvuu ya madzi kuphwa, matenti kugwada imodziimodzi. Ochitidwa opaleshoni ankawatengera ku chipatala cha boma pa ambulansi, ndipo Bambo anali omaliza. Anachotsa makoma a tenti iwo ali momwemo, dilipi ili pamwamba, mpaka bedi lawo linatsala lokha pakati pa bwalo la mpira, ana a sukulu akuwaonerera. Ine sanandilankhule chidzukire. Sajeni atabwera kudzatsanzika, Bambo anamukodola kuti awerame. Ndinaganiza kuti akufuna kundinenera. Anafunsa ngati anyamata aja akhoza. Sajeni anandiyang'ana pang'ono, anati akhoza onse anayi.

Tinabwerera pa sitima ya sabata ina, usipa titaudya wina, wina titagulitsa kwa odikirira odwala. Dokotala anali ataletsa kuti bala linyowe, ndiye pa Chipyela mnyamata wa padoko atapereka msana, Bambo anandipatsa chipewa n'kukwera. Anthu a pagombe anaona, palibe amene anafa nazo.

Ku Mbungo nkhani ili pawiri. Amayi a ku Yofu akudikirabe kuti mimba yanga ioneke. Amuna a pa bawo amamva ya Bambo, ndipo amaikamba bwino: kuti anapita kumtunda, anapeza asilikali ali pa mayeso ovuta, anawathandiza, anakhoza onse. M'tchalitchi ayambanso kuimba ataimirira. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi osamba m'manja anandifunsa, maso ali m'beseni, kuti kodi mayeso aja ndinasiya aja amalola munthu wamkulu kulemba. Ndinawauza kuti amalola kuyambira kale. Anati oho, n'kupitiriza kusamba.